Mabisiketi a Nzeru a Ba Dixon

Ndikuponyereni kaye chilape, inu amene mumati mutu wanu umagwira. Kuli mwana wina mu Lusaka muno. Mbale ali nayo yakeyake, bulangeti lake, dokotala wake, ndipo akadwala amapita pa galimoto atakhala mpando wakutsogolo. Koma sukulu sanaipondepo, ngakhale dzina lake sadziwa kulilemba. Ndani ameneyo? Musayankhe msanga. Yankholo lisungeni m'tsaya ngati siwiti, tikumana nalo kutsogoloku.

"Sindimwe munamubala uyu mwana, ba Dixon," anatero Ennie, maso ali pa chiwaya.

"Kubala ibala na mbuzi. Ine ndine malume wake. Nikakamba, nakamba."

Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Kalingalinga likuwotcha malata mpaka kumalira okha. Ennie anali chogwada pambaula, akukazinga vitumbuwa vokagulitsa kumsika. Mlongo wake wamkulu, ba Dixon, anaima pakhomo manja ali m'thumba, tayi yogula pasalaula, pa mulu wa zovala zakale, itawakola pakhosi. Thukuta linkayenderera mpaka m'makutu, koma tayiyo sanaimasule. Munthu wogwira ntchito kwa mzungu ku Kabulonga samasula tayi pamaso pa anthu wamba.

Nkhani inali ya Marjory, mwana mmodzi yekhayo wa Ennie, amene anali mu giredi seveni ndipo mayeso anali atamuyandikira. Ba Dixon anali atamupezera ntchito kwa dona wawo, yochapa matewera ndi kunyamula khanda. Donayo ankamufuna mwezi ukangotha, mayeso asanayambe. Kudya adzadyera konko, ndipo kamalipiro kake kadzathandiza pakhomo. Zaka zimenezo inu ana a lero simungazimvetse. Ufa tinkagula ndi makuponi, pamzere woyamba tambala asanalire, ndipo ukafika kutsogolo ankakuuza kuti wangotha kumene. Sopo, mchere ndi mafuta ophikira zinali ngati abale a ku Joni, ongomveka mbiri osaoneka nkhope.

Ennie anati mwanayo alembe kaye, matewera sathawa. Ba Dixon anaseka kuseka kwa munthu amene wamva mwana akunena zachibwana.

"Alembe chani? Chaka chatha pa sukulu yao banapasa bangati? Ukapenda na vala va kwanja imozi, vina visalako. Manje yenda ku sukulu ya mwana wa dona. Bonse bapasa, na uja wamene agona mu kilasi apasa. Mutu wa mukomboni ni wotapira manzi, mlongo wanga. Nzeru zili mu magazi ya bazungu."

Ennie anatembenuza chitumbuwa, n'kufunsa mosakweza mawu.

"Nanga bana ba apamwamba? Si bakuda monga ise? Uja munzanu wamene munali kubeta naye ng'ombe ku Katete, wamene manje ni manija, bana bake sibapasa? Magazi banabasintha liti?"

Apa ba Dixon anatsokomola. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anatsitsa mawu. Koma kutsitsa mawu kwa ba Dixon kunali kwakuti ba Magdalene, oyandikana nawo nyumba, amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, anamva zonse osasuntha phazi. Anatulutsa kampango m'thumba, n'kukamasula pang'onopang'ono ngati munthu wotulutsa chithumwa. M'katimo munali bisiketi lofiirira, louma gwa, looneka ngati kafupa.

Anati apamwamba anachitulukira chinsinsi cha azungu, ndipo chinsinsicho n'chimenechi. Iwo, monga kapitao wa nyumba yonse ya dona, wosunga makiyi mpaka a kuchipinda chogona, ankaona ndi maso awo m'mawa uliwonse. Mnyamata wa dona amatuluka ndi chitini chachikulu cha mabisiketi amenewa, ndipo pokwera galimoto ya kusukulu amakhala akutafuna. Mabisiketiwo sapezeka m'sitolo iliyonse ya mu Zambia, dona amachita kuwaitanitsa kunja. Amawaumba ngati fupa chifukwa akalowa m'mimba sachedwamo, amakwera molunjika kukalimbitsa fupa la mutu. Iwo eni ake anali atayamba kale kudya, ndipo Chizungu chinali chitayamba kuwabwerera kutulo. Mwana wawo Whyson, wa kalasi imodzi ndi Marjory, ankalandira theka m'mawa uliwonse.

Ennie ananunkhiza bisiketilo. Linkamveka ngati tinsomba ta kapenta timene tagona m'thumba la pulasitiki. Anawafunsa ngati anali ndi chitsimikizo.

"Nikanama, mukaniitane galu. Nizayankha," anatero ba Dixon, chala chili kumwamba.

"Ukayenda siya phazi, ba Dixon. Ukasiya mulomo uzakukonkha."

Koma iwo anali atatembenuka kale, tayi ikuuluka paphewa.

Ba Magdalene sanali munthu wosunga nkhani. Iwo nkhani ikawalowa m'khutu inkawayabwa ngati chitedze. Dzuwa lisanalowe, pompi yonse ya madzi ya kumsika inali itamva, ndipo pofika Lamlungu nkhaniyo inali itawoloka mpaka ku Mtendere itanenepa, akuti ndi mabisiketi amene nduna zimadya zisanalankhule pa wailesi.

Ndiye Kalingalinga anapenga. Musawaseke amayi amenewo, inunso mukanapenga. Sukulu ya ana athu inali yotani? Kalasi imodzi ana odzaza ngati minibasi ya ku Kulima Tower, ena pawindo, ena pakhomo. Madesiki anatha kalekale, mwana aliyense ankanyamula njerwa yake kunyumba yokhalira, ndipo Marjory yunifolomu yake inali ndi chidindo chofiira kumbuyo chimene sopo, akanapezeka, sakanachichotsa. Buku limodzi ankaliunjirira ngati nkhuku pa gaga, woŵerenga mozondoka ndiye anali wamwayi chifukwa ena ankangoona chikuto. Ana ankaloŵa mosinthana, awa m'mawa, awa masana, ndipo asanakhazikike bwino panjerwa belu linali litalira kale kuti apatse malo anzawo. Aphunzitsi abwino anali atapita ku Botswana. Otsalawo theka la mtima linali pa bolodi, theka lili pa maswiti amene ankagulitsa pawindo kuti nawonso adye. Tsono munthu akabwera n'kukuuza kuti zonsezi zitha ndi bisiketi limodzi, iwe n'kukana?

Madzulo aliwonse ba Dixon akamachokera ku ntchito ankapeza amayi atakhala pakhonde pawo, wina ndi dzira, wina ndi kambale ka tomato, wina ndi mwana wake atamugwira padzanja ngati wopita naye ku chipatala. Iwo ankavula jekete, n'kukhala pampando, n'kuyamba kuphwanya bisiketi ndi kanyundo, pakuti ndi mano linali losatheka. Aliyense ankalandira kachidutswa konga njere ya chimanga, pamodzi ndi malangizo. Osamwera madzi ozizira, nzeru zingaundane. Osadya ndi dzanja lamanzere. Mwana akamaliza agwedeze mutu kuti zikhazikike. Anthu anayamba kuwatchula ba Pulofesa, ndipo iwo anagula magalasi opanda mankhwala kwa mnyamata wina wa pa siteshoni.

Whyson anasiyiratu kuŵerenga. Anati kuŵerenga ndi kwa anthu osadya bisiketi. Ankakhala pamwala tsiku lonse akumvetsera mutu wake ngati mayi woyembekezera amene akudikira kuti mwana agunde. Ana enanso anatengera pomwepo, makope anapuma.

Panali chinthu chimodzi chokha chodabwitsa. Agalu onse a mu Kalingalinga, aja owonda otha kuwaŵerenga nthiti uli patali, anayamba kuwakonda ba Dixon. Akatsika pa msewu waukulu, agalu ankawalandira, n'kuwaperekeza mpaka kunyumba, mphuno zili pathumba la buluku, michira ikuvina. Ba Magdalene atafunsa, ba Pulofesa anayankha kuti ngakhale nyama imamudziŵa munthu wanzeru.

Ennie ankaonerera zonsezi mtima uli paŵiri. Sabata imeneyo ufa unasoŵa kotheratu, ndipo Marjory anajomba kusukulu kangapo ataima pamzere pamene amake anali kumsika. Mafuta okazingira anakwera mtengo mpaka vitumbuwa vinayamba kuchepa thupi, makasitomala n'kumafunsa ngati vikudwala. Tsiku lina madzulo Ennie anapeza mwana wake atakhala kuseri kwa nyumba, akuthamangitsana ndi kuwala kotsala, akuŵerenga kope la mnzake limene anabwereka kuti akopere zimene anaphonya. Mtima unamupweteka. Anavala chitenge, n'kupita kukakhala pamzere wa pakhonde la mlongo wake ngati wina aliyense.

Ba Dixon anamusiya mpaka kumapeto kuti anthu onse amuone. Kenako anamupatsa kachidutswa, akunena mokweza kuti magazi ndi magazi, mlongo sungamutaye ngakhale ali wamakani. Marjory anakaika m'kamwa, anatafuna kamodzi, nkhope inakwinyika, n'kulavulira kutali. Galu wina anakawakha kasanafike pansi.

"Mwaona?" anatero ba Pulofesa, akuyang'ana amayi onse pamwamba pa magalasi. "Na pakamwa pake pakana nzeru. Ennie, fodya wako ni uja ali pamphuno. Nchito ilipo lelo, mayeso ni mphepo. Pa Chisanu umubwelese kwa dona amuone."

Amayi ena anagwedeza mitu movomereza. Ennie anayang'ana mwana wake, anayang'ana manja ake omwe opserera ndi mafuta, ndipo anati wamva. Pobwerera kunyumba Marjory sanalire. Anangofunsa ngati kwa donako angamulole kupita kukalemba tsiku la mayeso lokha, n'kubwerera kukachapa. Amake anangomugwira dzanja n'kufulumiza phazi.

Lachisanu masana Ennie ndi Marjory anavala zovala za kutchalitchi, n'kuyenda wapansi. Kalingalinga ndi Kabulonga ndi oyandikana ngati mphuno ndi mlomo, koma ukangodumpha msewu fumbi limatha, mitengo imayamba, ndipo ngakhale mbalame za kumeneko zimalira mwaulemu. Atafika pa geti lakuda, Ennie anagogoda, akuyembekeza kuti wantchito wina akawaitanire akapitao.

Anatsegula ndi akapitao eni ake. Tayi panalibe. Anali mu ovolosi yobiriŵira yong'ambika pabondo, chibonga chili m'manja, pambali pali kanyumba kamatabwa kongokwana munthu mmodzi ndi mpando wake. Makiyi a nyumba yonse aja anali kiyi mmodzi, wa geti, atamumangirira pakhosi ndi chingwe cha nsapato. Ba Dixon ananena mofulumira kuti wapageti wadwala, iwo angomugwirira lero lokha. Kenako anawalozera njira yozungulira kuseri, kukhitchini. Ennie atafunsa ngati sawaperekeza, iwo anati ntchito yachuluka. Nthaŵi yomweyo kuseriko kunamveka kuuwa kwakukulu ngati galimoto ya malasha ikulira, ndipo akapitao analoŵa m'kanyumba kaja n'kutseka chitseko. Ennie anamvetsa kuti mlongo wake kuseri kwa nyumba imeneyi sanapondeko chiyambire.

Njirayo inkadutsa pawindo lina lotsegula, ndipo Ennie, poti maso alibe mpanda, anasuzumira. Munali mnyamata wa dona, wamsinkhu wa Marjory. Anali ndi tebulo lakelake, mpando wofeŵa, nyale yamagetsi yopinda khosi, ndi mabuku odzaza khoma lonse kuyambira pansi mpaka kudenga, oti sukulu yonse ya Kalingalinga ikanagaŵana n'kutsalako. Pambali pake panakhala mphunzitsi, munthu wakuda ngati ife, amene ankabwera masana aliwonse kudzaphunzitsa mwana mmodzi yekhayo. Ndipo mwana wa magazi a nzeru uja anali atagoneka mutu patebulo, pensulo ili m'mphuno, akulira kuti masamu ndi ovuta. Mphunzitsi anafotokoza. Mwana anapukusa mutu. Anafotokozanso ndi zala. Mwana anayang'ana kudenga. Anatenga malalanje m'mbale, n'kuwadula, n'kuyambiranso pachiyambi, mosakalipa, mosatopa, ngati munthu wosenda chinangwa.

Ennie anaima pamenepo nthaŵi yaitali kuposa imene ulemu umalola. Kusukulu kwa Marjory mphunzitsi ankanena chinthu kamodzi, wamva wamva, wosamva akafunse njerwa yake. Anatembenuka kuti aone mwana wake. Marjory sankayang'ana mnyamatayo, kapena malalanje. Maso ake anali pakhoma la mabuku lija, kukamwa kuli pululu, ngati mwana wanjala amene waima pakhomo la butchala.

Dona anawalandira pakhonde la kuseri, khanda lili m'manja. Anali mayi wansangala, wokulira pa famu, wolankhula Chinyanja chake chopindikapindika. Anamuyang'ana Marjory manja ndi zikhadabo, anati ndi mtsikana waukhondo. Ennie atatchula za mayeso, dona anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti wamva kuti m'masukulu a m'komboni ana sapasa kaŵirikaŵiri, bola mtsikanayu aphunzire ntchito ya manja. Ananena mokoma mtima ndithu, ngati munthu amene akukuuza kuti kunja kukugwa mvula, osadziŵa kuti ambulera yako ili m'nyumba mwake.

Ali pakati polankhula, chigalu chija chinatulukira. Chinali chachikulu ngati thole, ubweya wonyezimira kuposa tsitsi la mkwatibwi. Pakona pakhonde panali bulangeti lake, laubweya, labwino kuposa limene Ennie ndi Marjory ankafunda aŵiri, ndi mbale yake yolembedwa dzina. Dona anachiitana kuti Rex. Anatambasula dzanja pashelefu, n'kutsitsa chitini chachikulu, n'kuchigwedeza. Rex anakhala pansi mwaulemu, n'kukweza dzanja lakutsogolo ngati mwana wopempha kupita kuchimbudzi. Dona anapisa m'chitinimo n'kutulutsa bisiketi lofiirira, louma gwa, looneka ngati kafupa.

Chilape chija mwachimasula tsopano? Mezani siwiti yanu.

Marjory anatsegula pakamwa, amake anamutsina pantchafu. Rex anaphwanya bisiketilo kamodzi kokha, popanda kanyundo, ndipo sanagwedeze mutu kuti zikhazikike. Dona anasuzumira m'chitini n'kudandaula kuti limenelo linali lomaliza. Anati sakumvetsa, masiku ano chitini sichikuchedwa kutha, chonsecho galuyo sakunenepa. Mwana wake ndiye amamudyetsa m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, n'kusiya chitini pakhonde lakutsogolo pothamangira galimoto, mkate wake uli kukamwa. Mwina Rex ali ndi njoka za m'mimba. Maŵa apita naye kwa dokotala.

Ennie anadziŵa kuti njoka ya m'mimba imeneyo ili m'kanyumba ka pageti, yavala ovolosi. Koma mlongo ndi mlongo, ndipo ntchito zinali zosoŵa. Analuma mlomo, misozi ya kuseka ikutuluka, mpaka dona anamufunsa ngati akudwala. Iye anati ndi chimfine. Kenako anapempha mwaulemu ngati angatenge chitini chopanda kanthucho, ndipo dona anamupatsa mokondwa. Za ntchito, Ennie anati mtsikanayu ali ndi kaulendo kena koti ayambe wamaliza, akadzabwerako dona adzamva. Anakulunga chitinicho m'chitenge n'kuchisenza. Potuluka pageti ba Dixon anafunsa zimene dona wawapatsa, Ennie anati ndi zachizimayi, ndipo iwo sanafunsenso.

M'njira Marjory anafunsa ngati ndiye kuti alemba.

"Uzalemba. Kupasa siniziba, mwana wanga, njerwa na tebulo sivilingana. Koma mutu wako ulibe mulandu. Uja mwana wa dona bamupasa chabe vonse, na munthu womubwezela mpaka amvele."

Lamlungu lotsatira ndilo linali tsiku lalikulu. Ba Pulofesa anali atalengeza kuti anthu akatuluka m'tchalitchi kudzakhala kugaŵa komaliza mayeso asanafike, pabwalo la pa pompi, chifukwa khonde linali litachepa. Anabwera amayi a mu Kalingalinga, a ku Mtendere, ndi bambo wina amene anachita kukwera minibasi kuchokera ku Mandevu ndi ana ake amapasa. Ba Dixon anafika ndi tayi, magalasi ndi jekete, agalu ali pambuyo ngati akwaya. Anaima pa chidebe chovundikira n'kuyamba ulaliki. Anati iwo ndi dona amadyera tebulo limodzi. Anati mnyamata wa dona masamu amawamwa ngati madzi, mphunzitsi amachita kumufunsa iyeyo. Kenako analoza Ennie, amene anakhala kutsogolo ndi kamtolo kake, n'kunena kuti ngakhale mlongo wawo wamakani uja wagonja, mwana wake ayamba ntchito mwezi ukatha, pakuti mutu wina ngakhale uupatse bisiketi sumera kanthu.

Ennie anaimirira, n'kugwada pang'ono monga mwa ulemu wa kwa mlongo wamkulu.

"Ba Pulofesa, nabwela kupepesa. Ninayenda kumayadi, naona na menso yanga. Ya zoona, aya mabisiketi yaliko, na wamene amadya ni wonenepa, wa ulemu, amvela vonse vamene dona akamba. Koma imwe mwatibisa chinthu chimozi. Simunatiuze mwamene bamadyela kuja."

Ba Dixon, atamva kuti akuvomerezedwa pagulu, chifuwa chinakula. Anati anene, mwina ndi mwambo umene iwo anauiŵala chifukwa chozoloŵera.

"Bamayamba bagwedeza chitini. Wakudya ankhala pansi. Ndiye anyamula kwanja kumozi, so."

Amayi anayang'anana. Ena anayamba kale kukhazika ana awo pansi. Ba Dixon, posafuna kuoneka osadziŵa za m'nyumba ya dona wawo, anati n'zoona, umenewo ndiwo mwambo wa Chizungu weniweni, anangoona kuti anthu a m'komboni sangaukwanitse. Ennie anawapempha kuti aonetse anthu, iwo odziŵa. Ndipo ba Pulofesa, ndi tayi yawo, anatsika pachidebe, ananjuta pafumbi, n'kukweza dzanja limodzi, chikhatho chili chogwa.

Pamenepo Ennie anamasula chitenge, n'kukweza chitini m'mwamba, n'kuchigwedeza.

Pachitinipo panali chithunzi cha galu wamkulu, lilime lili panja, akumwetulira, bisiketi looneka ngati fupa lili pakati pa mano. Anthu onse anasendera pafupi, maso ali pachithunzipo.

Ba Dixon anaimirira msangamsanga, akupukuta mawondo. Koma munthuyo pakamwa pake panali posagonja.

"Manje icho ni chani? Ni chizindikilo chabe cha kampani. Pa machisa pali nkhalamu, kansi mukati muli nkhalamu? Pa sopo pali maluba, mumasamba maluba?"

Ena anayamba kugwedeza mitu kuti mwina ali ndi mfundo. Ennie sanatsutse. Anangoitana Whyson, amene anadya mabisiketi ambiri kuposa mwana aliyense mu Kalingalinga, kuti aŵerengere anthu zolembedwa pachitinipo, atate ake amve phindu la mbewu yawo. Whyson anachigwira, anachitembenuza, anagwedeza mutu kuti nzeru zitsike, koma zinakana. Anati zilembo zake ndi zakunja. Ndiye mmodzi wa amapasa a ku Mandevu, amene anali asanalaŵeko n'komwe, anasuzumira paphewa pake n'kuŵerenga mokweza, mawu amodziamodzi monga amaŵerengera ana a panjerwa, kenako n'kumasulira yekha mosafunsidwa. Anati palembedwa kuti chakudya cha agalu, cholimbitsa mano ndi kunyezimiritsa ubweya.

Woyamba anali ba Magdalene. Kuseka kunawatuluka ngati tayala laphulika, n'kugwa chagada pa ndowa ya munthu wina, madzi n'kukhutukira anthu. Basi pabwalo ponse panagwa moto. Amayi ankagwirana m'mapewa, ena akukwawa, ena akupukuta malilime a ana awo ndi nsonga ya chitenge uku akuseka mpaka mpweya kuwathera. Mayi wina ankafuna dzira lake libwezedwe, koma mawu ankakanika kutuluka. Wina anagwira mutu wa mwana wake n'kulengeza kuti n'zoona, tsitsi layamba kunyezimira. Bambo wa ku Mandevu anakhala pansi n'kuvula chipewa, akuthokoza Mulungu kuti mbiri ya mabisiketi inachedwa kufika kwawo.

Kuseka kutatsikako pang'ono, Ennie analankhula, ndipo ulendo uno sanagwade.

"Kandimvelele anakanena za m'maluwa, ba Dixon. Imwe munaona chitini muli pa geti. Ine naona tebulo, mabuku, na ticha wa mwana umozi. Galu wa kuja adya bwino kuchila bana bathu, ndiye mukuti bana bathu ni mitu yoipa? Marjory azalemba. Matebela yazamulindila. Na imwe bamai, bana babwelele ku makope, nthawi yasala ing'ono."

Anapereka chitinicho kwa Marjory, n'kumuuza kuti kuyambira maŵa njerwa isiyidwe kunyumba, azikhalira chimenechi, n'chachitali bwino ndipo sichidetsa yunifolomu. Mtsikanayo anachikumbatira ngati wapatsidwa desiki ya ku Kabulonga.

Ba Dixon anayesa kunena kuti iwo monga malume sanamalize kulankhula, koma palibe anamva. Anavula magalasi, anaika m'thumba, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono ngati munthu amene wangokumbukira kuti ali ndi kolowera. Agalu onse ananyamuka nawo, michira ili m'mwamba, pakuti m'thumba munali mukadali mabisiketi a tsikulo. Anayesa kuwathamangitsa ndi phazi, koma abwenzi enieni sathaŵa pa tsiku la mavuto.

Atatsala pang'ono kukhota pakona, ba Magdalene, akadali chikhalire m'matope, anakumbukira lumbiro lija limene analimva kuseri kwa mpanda. Anafunsa Ennie dzina la mwini mabisiketi, Ennie anawanong'oneza. Ndiye anakonza pakhosi, n'kuitana mokoma, ndi ulemu wonse woyenera munthu wamkulu.

"Ba Rex."

Ndipo ba Dixon, mwina chifukwa cha mantha a dzina limene linkawatsekera m'kanyumba tsiku ndi tsiku, anadumpha n'kucheuka.